Musawaseke agogo akati ndi napolo

Sabata yatha tikuphunzira za friction ku Fomu 3, mnyamata wina anaseketsa kalasi yonse. Akuti agogo ake kuno ku Madziabango amanenabe kuti chimene chinagumula phiri la Soche mu Marichi 2023 ndi napolo. Anzake anafa nako kuseka. Ine sindinaseke, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

Tiyambe ndi physics yathu. Dothi la pamalo otsetsereka limakhazikika chifukwa friction ndi mizu ya mitengo zimaligwira. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, monga inachitira nthawi ya namondwe Freddy, madzi amadzaza timipata ta m'dothi. Dothi limalemera, komanso madziwo amakankha timiyala kuti tisagwirane. Mphamvu yokokera pansi ikaposa yogwira, phiri limatsika ndi miyala yake. Ndi zimene zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndiponso zimene zinachitika ku Phalombe mu 1991.

Tsono tamvani zimene agogo amanena. Amati napolo amabwera mvula ikachuluka, amamveka ndi mkokomo, ndipo ali ndi njira yake imene amadzeramo. Amati osamanga nyumba m'njiramo. Kodi pamenepa alakwa pati? Njokayo ine sindiivomereza, koma chenjezolo ndi lolondola. Munthu wobwera kudzachenjeza mudzi akayamba ndi kunyoza mawu oti napolo, anthu amangoti “zikomo achimwene,” n'kukagona m'nyumba zomwezo.

Za umoyo n'chimodzimodzi. Kolera imene inayamba mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu mzinda wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Sayansi yake ndi yosavuta: kachilombo ka Vibrio cholerae kamayenda m'madzi ndi m'chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo thupi la womwalira limakhalabe nako. N'chifukwa chake azaumoyo amaletsa kusambitsa maliro oterewa. Koma taganizani, kwathu kuno kusambitsa mayi ako ndi ulemu wotsiriza. Mukangolamula kuti “osakhudza” basi, ena amabisa wodwala kunyumba poopa kuikidwa ngati wopanda abale. Akabisa, matenda amafala. Pamene mutayamba mwakhala pansi ndi amfumu, amalume ndi akumpingo, abale n'kuloledwa kuona nkhope ali chapatali ndi kupemphera, thupi n'kutsukidwa ndi klorini, lamulo lomwelo limamveka.

Ena mwa inu muti, “Aphunzitsi, pa ngozi palibe nthawi yonyengererana.” Zoona, nthawi imachepa. Koma malangizo amene anthu awakana amadya nthawi yambiri kuposa mphindi zochepa zopereka moni kwa amfumu. Komanso kumbukirani kuti amene amamanga m'mbali mwa phiri kapena kumwa madzi a mumtsinje sikuti ndi mbuli ayi, ambiri alibe kwina kopita. Wosauka ndiye amayamba kugwa m'ngozi, ndiye tisamuwonjezere chipongwe.

Mawa lino ena mwa inu mudzakhala anamwino, alangizi a zaumoyo kapena akatswiri a zanyengo. Yambani kuyeserera lero. Madzulo ano funsani agogo kuti napolo anadutsa kuti kale, ndipo anaona zizindikiro zanji. Lembani zimene anene, Lolemba mubwere nazo, tidzaziike pa bolodi pambali pa chithunzi chathu cha mphamvu zija.