Boma likakweza mtengo wa chimanga, amalira ndi oweta ziweto

Boma likateteza mlimi wa chimanga pomuikira mtengo wokwera, mtolo umagwera oweta nkhuku ndi nkhumba, pakuti chakudya cha ziweto ndicho chimawadyera ndalama zambiri.

Ku China, boma linkagula chimanga pamtengo wokwera kuyambira 2008 mpaka 2016. Oweta ankachipeza modula kuposa pamsika wa dziko lonse, moti opanga chakudya cha ziweto anathamangira mapira ndi balere ochokera kunja. Bungwe la European Union linasankha njira ina mu 1992: linatsitsa mitengo ya mbewu n'kuyamba kupatsa alimi ndalama mwachindunji.

Thandizo lochokera m'thumba la boma limaoneka mu bajeti, ndipo aphungu angathe kulifunsa. Koma lobisika mumtengo amalilipira mwakachetechete ndi ogula mazira ndi nyama.