Mwana ayambire kwa Bilbo

Makolo ambiri ofuna kuti ana awo azolowere nthano zazitali za maiko ongopeka, zija za zinjoka, mafumu ndi maulendo oopsa, amaphonya pachiyambi penipeni. Amagula The Lord of the Rings, buku la magawo atatu la masamba opitirira 1,000 limene linatuluka mu 1954 ndi 1955, n'kulipereka kwa mwana wa zaka khumi. Mwanayo amalefuka asanafike n'komwe pakati pa gawo loyamba, n'kugamula kuti mabuku oterewa si ake. Poyambira pabwino ndi The Hobbit, buku lalifupi limene mlembi yemweyo, J.R.R. Tolkien, wobadwira ku Bloemfontein mu 1892, anatulutsa mu 1937.

Bukuli linayamba layesedwa ndi mwana lisanasindikizidwe. Stanley Unwin, wosindikiza mabuku ku London, anapereka zolembazo kwa mwana wake Rayner, wa zaka 10, n'kumulipira shilingi imodzi kuti aziwerenge ndi kulemba maganizo ake. Mnyamatayo anazivomereza, ndipo sanalakwe.

Nkhani yake njosasokoneza. Bilbo Baggins, kamunthu kokonda kudya ndi kukhala phee pakhomo, akukokedwa ndi nkhalamba Gandalf kuti aperekeze anthu aafupi 13, akatswiri a migodi, kukatenga chuma chimene chinjoka Smaug chinawalanda m'phiri lawo. Ulendo ndi umodzi, ndipo mitu yake 19 imatheka kuwerengedwa umodzi usiku uliwonse. Mwana woleredwa ndi nthano za Kalulu amuzindikira msanga Bilbo: alibe mphamvu, amapulumukira nzeru ndi pakamwa. M'phanga la mdima amaponyerana zilapi ndi Gollum, akudziwa kuti akalephera adyedwa. Nayenso amene anamvapo za Napolo, wogona kunsi kwa phiri, amene akadzuka amakokolola midzi, sangafunse chifukwa chimene anthu a m'mudzi wa panyanja ankaopera Smaug.

Koma chimene chimalikweza bukuli chimabwera chinjoka chitafa kale. Smaug akulasidwa ndi muvi wa Bard nkhani isanathe, ndipo vuto lenileni likuyambira pomwepo. Thorin, mtsogoleri wa ulendowo, akukana kugawirako chumacho anthu amene mudzi wawo watenthedwa chifukwa cha ulendo wake womwewo. Bilbo akutenga mwala wa Arkenstone, umene Thorin ankaufunitsitsa koposa zonse, n'kukaupereka usiku kwa a mbali inayo kuti nkhondo ipewedwe. Kodi wapereka mnzake, kapena wamuchitira zabwino? Mwana amene anaonapo abale akulandana katundu wamasiye maliro asanathe ali nazo zonena pa funso limeneli, ndipo zimaposa zimene akulu amayembekezera.

Pali makolo ena amene amakana mabuku onse otere ponena kuti amaphunzitsa ufiti. Nkhawa yawo si yoseka. Liwu lakuti mfiti ndi lolemera. Nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi, zina kuphedwa kumene, chifukwa cha liwu lomweli. Buku la C.S. Lewis la mu 1950, loyamba kutuluka mwa asanu ndi awiri a Narnia, lili ndi liwu lakuti Witch pachikuto pomwe. Komabe Gandalf satamba usiku ndipo salodza m'bale. Ndi mlangizi woyenda ndi ndodo, amene nthawi zambiri amachoka pamene akufunika kwambiri kuti Bilbo adziimire yekha. Tolkien anali Mkatolika wolimbikira, Lewis analemba mabuku ambiri oikira kumbuyo Chikhristu. Mabuku a Narnia angabwere pambuyo, ngakhale kuti ulaliki wake umaonekera msanga.

Mafilimu atatu amene Peter Jackson anatulutsa kuyambira 2012 mpaka 2014 adikire. Anatalikitsa nkhani yaifupi ndi nkhondo zosatha, ndipo mwana akangoona Smaug wa pakanema sangathenso kudzipangira wake m'maganizo.

Chingerezi cha Tolkien chimavuta ana ambiri, choncho bukuli liwerengedwe mokweza, kholo likumasulira m'Chichewa kapena m'Chinyanja cha kwawo pamene mwana wasochera. Apa kholo limakhala ndi mwayi wosankha lokha mawu: Gandalf likhoza kumutcha mkulu wanzeru, ndipo pofika pa zilapi likhoza kutseka buku kaye, ana ayese kumasulira Bilbo asanayankhe.