Mwanabere Wosapweteka Musamuderere

Ana anga, si mwanabere aliyense amene amadza chifukwa cha bala. Wa bala amapweteka, ndipo bala likapola nayenso amaphwa. Koma chotupa cha m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche chikatha milungu chikungokula osapweteka, mwini wake n'kumaonda, kutentha thupi ndi kunyowetsa zofunda ndi thukuta usiku, thamangirani kuchipatala. Mwina ndi chifuwa chachikulu, mwinanso ndi lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi amene amatiteteza ku matenda. Kuti adziwe chenicheni, madokotala amatapako kanyama pachotupacho n'kukapima. Musawakanize.

Khansayi ili m'magulu awiri, Hodgkin ndi non-Hodgkin. M'gulu lachiwirili muli mtundu umene ukutilanda ana kumadera a malungo ngati kwathu kuno, wotchedwa Burkitt. Unatenga dzina la Denis Burkitt, dokotala amene anaufotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Umatupitsa nsagwada mpaka mano kugwedera, kapena kufufumitsa mimba, ndipo pa masiku awiri okha chotupa chitha kukula kuwirikiza. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masiku amene timataya potemera mwana mphini ndi kulozana zala za ufiti, matendawo amakhala akuzika mizu. Si ufiti, ndipo sapatsirana podyera mbale imodzi.

Chithandizo chilipo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amapereka mankhwala amphamvu a chemotherapy, ambiri kudzera m'dilipi, ulendo ndi ulendo kwa miyezi ingapo. Odwala ena amafunikanso kuwotcha chotupacho ndi makina a radiotherapy. Amene ali ndi HIV khansayi imawapeza mosavuta, choncho apitirize ma ARV mokhulupirika.

Tsono pomwe ambiri timapunthwa ndi apa. Chotupa cha Burkitt chimaphwa msanga mankhwala akangoyamba. Kholo likaona mwana akuseka, likaganizira za thiransipoti ndi munda wosapalira, limati wachira, osabwereranso. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Maselo otsala amaphukanso, ndipo ulendo wachiwiri savomera mankhwala mosavuta. Kusanza ndi kuthothoka tsitsi zisakubwezeni m'mbuyo; zimatha, tsitsi limameranso. Koma wodwala akatentha thupi ali pamankhwalawa, mubwerere naye tsiku lomwelo, pakuti chitetezo chake chimakhala chitatsika.

Inu amalume, azakhali, akumpingo ndi mafumu, mutu umodzi susenza denga. Sonkhani ya ulendo, palirani munda wa amene akudwazika, sungani ana otsala pakhomo. Pitani msanga, ndipo musasiye mankhwala kufikira dokotala atanena yekha kuti mwamaliza.