Musataye mawayilesi akale, ikani kompyuta mkati mwa kompyuta

Mvula yamphamvu ikagwa pa mapiri a Zomba ndi Malosa, anthu okhala kumtunda kwa mtsinje wa Domasi ndiwo amayamba kuona madzi akusanduka matope ndi kukwera. Anzathu a kumunsi, cha ku minda ya mpunga kulowera ku nyanja ya Chilwa, amatha kukhala kuti kwawoko sikunagwe ngakhale dontho. Pakati pa awiriwa pamafunika uthenga, ndipo uthengawo uyenera kuthamanga kuposa madzi. Ambiri a inu mukukumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023. M'madera ambiri a chigawo cha kummwera magetsi anazima, mafoni anatha moto, kwina netiweki inasowa. Pa nthawi ngati imeneyo wayilesi ya ovaova imagwirabe ntchito, chifukwa sidalira nsanja ya kampani ya mafoni. Iyo imalankhula mwachindunji ndi inzake.

N'chifukwa chake zinandikhudza tsiku lina amalume anga atafika ndi thumba la mawayilesi asanu. Iwo ali m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mawayilesiwo anachita kupatsidwa kalekale.

"Mphwanga, paja iwe umaseweretsa makompyuta. Atatuwa akumvana bwinobwino, koma awiriwa ndi ogontha. Wina watiuza kuti anafa, tingowataya."

"Musataye kaye amalume. Tasiyani ndione zimene zalembedwa mkatimo."

Maganizo anga, amene ndikufuna kukukopani nawo lero, ndi awa: chipangizo chakale chikakana kumvana ndi laputopu yatsopano, njira yanzeru nthawi zambiri ndi kugwiritsa ntchito virtual machine. Sindikunena kuti njirayi ilibe zovuta, ndipo zovutazo ndizitchula.

Tiyambe ndi wayilesiyo. Mukatembenuza kabatani n'kuika pa tchanelo 3, nambala 3 payokha sitanthauza kanthu. Ili ngati dzina limene mwasunga mu foni: kuseri kwa dzinalo kuli nambala yeniyeni. Kuseri kwa tchanelo kuli frequency, ndiye kuti kuchuluka kwa mafunde amene wayilesi imatulutsa pa sekondi imodzi. Mawayilesi ambiri a m'manja amagwira pa VHF, cha pakati pa 136 ndi 174 MHz, kapena pa UHF, kuyambira cha pa 400 MHz kukwera. Inu amene mumaphunzira Physics mukudziwa kale kuti liwiro la funde ndi frequency kuchulukitsa ndi utali wa funde. Mafunde a wayilesi amathamanga pafupifupi mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani nambalayi ndi 150,000,000 ndipo mupeza kuti pa 150 MHz funde limodzi ndi lotalika mamita 2. Samu ija mumaiona ngati ya mayeso basi, amisiri amaigwiritsa ntchito poyeza utali wa eriyo.

Manambala onsewa amasungidwa mu kachikumbumtima ka wayilesi. Kuti muwaone kapena kuwasintha, mumalumikiza wayilesi ku kompyuta ndi chingwe chapadera, n'kutsegula pulogalamu yake. Makampani monga Motorola ndi Kenwood ali ndi mapulogalamu awoawo, ndipo kawirikawiri mtundu uliwonse wa wayilesi umafuna yakeyake. Apa ndiye pagona vuto. Wayilesi yosamalidwa bwino imatha kukhala zaka zambirimbiri, pomwe makompyuta amasintha msangamsanga. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020. Pulogalamu ya mawayilesi a amalume inalembedwa nthawi ya XP, ndipo pa laputopu yanga inkangotseguka n'kutsekeka yokha.

Chingwe nachonso chili ndi nkhani yake. Mkati mwa pulagi yake ya USB muli kachipu kamene kamamasulira chinenero cha USB kupita ku chinenero chakale cha serial, chimene wayilesi imamva. Kachipuka kamafuna pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver. Machipu odziwika ndi a FTDI, a Prolific ndi CH340. Zingwe zambiri zotchipa zili ndi machipu achinyengo otengera a Prolific, ndipo ma driver atsopano amawakana. Windows imangoonetsa kachizindikiro kachikasu ndi mawu akuti Code 10, pomwe driver wakale amachilandira chingwe chomwecho popanda vuto.

Ndinali ndi njira zingapo. Ndikanatha kusaka laputopu yakale ya XP, koma imeneyo ndi ndalama, ndipo yambiri mabatire ake anafa kale. Magetsi akangozima, ntchito yathera pomwepo. Ndikanathanso kufufuta Windows yanga n'kuika yakale, koma laputopu yomweyo ndi imene ndimalowera pa intaneti ndi kusungira zinthu zanga, ndiye kuiika pa Windows yosatetezedwa n'chimodzimodzi kugona chitseko chili pululu. Njira yachitatu inali kukakamiza driver wakale pa Windows yatsopano. Zimatheka, koma Windows ikadzikonza yokha imatha kubwezeretsa driver watsopano, inu n'kuyambiranso.

Ndinasankha virtual machine. Taganizirani nyumba imene mwini wake wadula chipinda chimodzi n'kuikamo munthu wa lendi. Mlendoyo ali ndi chitseko chake, katundu wake, malamulo ake, koma denga ndi madzi akugwiritsa ntchito za mwininyumba. Virtual machine ndi kompyuta yongoyerekezera imene imakhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Pulogalamu yoyang'anira, monga VirtualBox ya kampani ya Oracle imene ndi yaulere, imapatula gawo la RAM, gawo la mphamvu ya purosesa ndi malo pa disiki, n'kuzipereka kwa mlendo. Windows XP ikalowa m'menemo imaganiza kuti ili pa kompyuta yakeyake. Disiki yake yonse, kwa mwininyumba, ndi fayilo imodzi chabe, imene mungathe kuikopera pa fulashi. Ndipo musaganize kuti ndi nzeru ya dzulodzuloli. Kampani ya IBM inkachita kale zimenezi pa makompyuta ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370. Lero mawebusayiti ambiri amene mumatsegula pa foni amakhala pa makompyuta ongoyerekezera ngati amenewa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chinthu chotchedwa snapshot. Mumajambula mmene kompyuta ya mlendo ilili pa nthawi imeneyo. Mukaika driver wolakwika, kapena kachilombo kakalowa, mumangobwerera pa chithunzi chija ndipo zonse zimakhala ngati sizinachitike. Kwa munthu wophunzira, imeneyi ndi mphatso yaikulu. Ambiri timaopa kukhudza kompyuta chifukwa ndi ya sukulu kapena ya achimwene, ndipo tikaiwononga tiona zakuda. Mu virtual machine mungathe kulakwitsa kakhumi popanda wokukalipirani.

Ndiulule kupusa kwanga. Nditaika XP ndi pulogalamu ija, ndinalumikiza chingwe, koma pulogalamu inati sikuona wayilesi. Ndinatha maola awiri ndikutukwana chingwe, kuchizula, kuchibwezera, mpaka kuchipemerera ngati moto. Vuto linali ine. Chipangizo cha USB sichingakhale cha anthu awiri pa nthawi imodzi. Mwininyumba ndiye amayamba kuchigwira, ndipo mpaka mutamuuza kuti achipereke, mlendo sachiona n'komwe. Mu VirtualBox mumapita pa Devices, kenako USB, n'kusankha chingwecho. Nditatero, XP inalira kaphokoso kake kaja, ndipo mu Device Manager munatulukira COM3. Ndinauza pulogalamu kuti iyang'ane pa COM3, basi inayamba kuwerenga.

Lamulo loyamba pa ntchito imeneyi: werengani musanalembe. Koperani zonse zimene zili mu wayilesi, zisungeni mu fayilo, ipatseni dzina ndi tsiku, kenako muziganiza zosintha. Ndinawerenga wayilesi imodzi mwa zomvana zija ndi imodzi mwa "zogontha", n'kuziika pambalipambali. Frequency inali yofanana ndendende. Kusiyana kunali pa kanambala kena kotchedwa CTCSS. Aka ndi kaphokoso kapansipansi, pakati pa 67 ndi 254 Hz, kamene wayilesi imatumiza limodzi ndi mawu anu. Yolandirayo imakhala duu mpaka itamva kaphokoso kamene inauzidwa kuyembekezera. Mawayilesi atatu aja anali pa 88.5 Hz, awiriwo pa 100.0 Hz. Mafunde ankafika ndithu, koma mlonda wa pa geti ankawabweza chifukwa sanatchule mawu oyenera. Kusintha manambala amenewo kunatenga mphindi zosakwana zisanu. Chenjerani pano: CTCSS sibisa zokambirana zanu. Aliyense amene wazimitsa mlondayo pa wayilesi yake amakumvani zonse.

Tsopano zovuta zake, chifukwa alipo amisiri odziwa ntchito amene sagwirizana nane, ndipo mfundo zawo n'zomveka.

Amati virtual machine imawonjezera mlatho wina pakati pa pulogalamu ndi wayilesi, ndipo mlatho uliwonse ungathe kuduka. N'zoona. Laputopu ikagona tulo, kapena chingwe chikagwedera pamene mukulemba, wayilesi imatha kutsala ndi uthenga watheka. Ngati munali kusintha matchanelo okha, nthawi zambiri mumangolembanso kuchokera pa fayilo munasunga ija. Koma ngati munali kusintha firmware, pulogalamu imene imayendetsa wayilesi yonse, ingathe osadzukanso. Apa ndimavomereza: firmware sindiisintha kudzera mu virtual machine. Palinso mapulogalamu akale kwambiri a nthawi ya DOS amene amadalira liwiro la kompyuta yakale yeniyeni, ndipo amenewo amavuta ngakhale mutawaika m'chipinda chotani. Pa ntchito wamba, ndimatchaja laputopu ndi wayilesi mpaka kudzaza, ndimaletsa laputopu kugona, ndipo tebulo saligwedeza munthu mpaka nditamaliza.

Ena amati malaputopu athu ndi ofooka. Ambiri amene timagula akaunjika ali ndi RAM ya 4 GB. Windows XP imakhutira ndi 512 MB, choncho imakwana bwinobwino, koma mukafuna kuika Windows yatsopano ngati mlendo, laputopu idzayenda ngati kamba. Komanso makompyuta ena amafuna kuti muyambe mwayatsa VT-x kapena AMD-V mu BIOS. Musaiwalenso kuti Windows ya mlendo imafuna layisensi yake, ndipo popeza ndi yakale, ichotsereni intaneti. Mu VirtualBox ndi kungochotsa kachizindikiro kamodzi pa Network.

Mfundo yamphamvu koposa ndi yakuti mwina simukufunika virtual machine n'komwe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa CHIRP, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, imene imayenda pa Windows, Linux ndi Mac ndipo imadziwa mitundu yambiri ya mawayilesi, kuphatikizapo Baofeng UV-5R yofala ija. Ngati wayilesi yanu ili pa mndandanda wake, yambani ndi CHIRP. Ya amalume panalibe. Chida chabwino ndi chimene chikumaliza ntchito mosavuta, osati chimene chikukuonetsani ngati dolo.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye, ndipo apa ndikulankhula ndi inu amene manja ayamba kale kuyabwa. Kutha kulemba frequency iliyonse sikutanthauza kuti mwaloledwa kuigwiritsa ntchito. Mafunde a wayilesi ndi chuma cha dziko, ndipo kuno kwathu amene amawagawa ndi kupereka ziphaso ndi bungwe la MACRA. Si nkhani ya mapepala chabe. Mwachitsanzo, 156.8 MHz ndi tchanelo 16 cha pamadzi, chimene dziko lonse lapansi linapatula kuti zombo ndi mabwato ziziitanira thandizo pa ngozi. Wayilesi yotchipa ya VHF imatha kufika pamenepo. Tangoganizani munthu akucheza za mpira pa tchanelo chimenecho pamene wina akumira. Ine ndisanasinthe kanthu ndinafunsa amalume pepala limene linabwera ndi mawayilesiwo, ndipo sindinalembe frequency ina iliyonse kupatula imene inali papepalapo. Amene mukufuna kuseweretsa mafunde mwalamulo, funsani za chiphaso cha amateur radio. Mayina oitanirana a anthu a ku Malawi amayamba ndi 7Q, ndipo anzathu a kunja amasangalala kwambiri akamva 7Q pa mphepo.

Ndiye ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta, pemphani aphunzitsi kuti muyese. Simukufunika wayilesi kuti muyambe. Mmodzi akopere VirtualBox ndi Linux yopepuka monga Lubuntu, zonse zaulere, enanu mugawane pa fulashi kuti bandulo isakupwetekeni. Ikani, jambulani snapshot, wonongani dala, bwererani. Mukadzakumana ndi pulinta yakale ya ku ofesi ya sukulu kapena chipangizo cha mu labu chimene chikukana kompyuta yatsopano, mudzakhala mukudziwa poyambira.

Madzulo a tsiku limenelo tinayesa. Ine ndinakwera pa kachitunda kuseri kwa nyumba, chifukwa mafunde a VHF amayenda bwino pamene palibe phiri lowatchinga, ndipo amalume anapalasa njinga kulowera kumtsinje ndi imodzi mwa "zakufa" zija. Patapita kanthawi inalira.

"Mphwanga, ukundimva? Ova."

"Ndikukumvani bwino amalume. Ova."

Fayilo ya mawayilesi onse asanu ndinaikopera pa fulashi, pamodzi ndi kompyuta ya mlendo ija, ndipo fulashiyo ikusungidwa ndi mlembi wa komiti mu envelopu imodzi ndi pepala la ma frequency.