Mzere wa pakhomo pa banki

Lachisanu pa 14 Sepitembala 2007 anthu a ku Britain anaona chinthu chimene chinali chisanaonekenso m'dziko lawo kwa zaka zoposa 100. Pamakomo pa nthambi za banki ya Northern Rock panali mizere italiitali ya anthu, ambiri mwa iwo achikulire, aliyense atagwira kabuku kake. Madzulo a dzulo lake wailesi ya BBC inali italengeza kuti bankiyo, imene likulu lake linali ku Newcastle, yapempha thandizo la mwadzidzidzi ku Bank of England. Tsiku limodzi lokhalo anthu anatapa ndalama pafupifupi mapaundi 1 biliyoni.

Akuluakulu a boma ndi a bankiyo anawauza anthuwo kuti mitima ikhale pansi, pakuti banki ili bwino. Enanso anawanena kuti ndi amantha ongotsatira gulu. Ife tikuima ndi anthu a pamzere aja, chifukwa amene anawerenga lamulo la nthawi imeneyo anali ndi chifukwa chokwanira choimira padzuwa. Lamulolo linkati banki ikagwa, munthu adzabwezeredwa mapaundi 2,000 oyamba onse, koma pa mapaundi 33,000 otsatira adzalandira 90 pa 100 iliyonse, ndipo kupitirira pamenepo palibe lonjezo. Ndiye kuti mayi wamasiye amene anasungitsa mapaundi 35,000 akanataya 3,300. Bambo amene anagulitsa nyumba n'kuika mapaundi 100,000 podikira kugula ina anali ndi chitsimikizo cha 31,700 basi. Kodi munthu wotere tingamuuze kuti abwerere kunyumba akagone?

Tikumbukire kuti banki si nkhokwe. Chimanga chimene mwaika m'nkhokwe chimakhala momwemo kufikira mutadzachitapa. Ndalama imene mwasiya ku banki m'mawa imakhala itabwereketsedwa kale kwa wina womanga nyumba, amene adzaibweza pang'onopang'ono pa zaka 20 kapena 25. Ntchitoyi imayenda chifukwa eni ndalama sabwera onse tsiku limodzi. Akabwera onse, ngakhale banki yoyendetsedwa mokhulupirika ikhoza kugwa. Tsono Northern Rock inali itawonjezera ngozi ina. Ndalama zambiri zimene inkabwereketsa kwa ogula nyumba inkazikongola m'misika ya mabanki anzake, ndipo ngongole zina zimene inkapereka zinkafika 125 pa 100 iliyonse ya mtengo wa nyumbayo. Pamene misikayo inauma mu Ogasiti 2007 chifukwa cha ngongole zoipa za nyumba ku America, bankiyo inasowa kokatunga. Osungitsa ndalama sanakumbe nawo dzenje limeneli, koma ndiwo anali pamphepete pake.

Lolemba pa 17 Sepitembala nduna ya zachuma, Alistair Darling, inalengeza kuti boma liteteza ndalama zonse zimene anthu anali nazo m'bankiyo. Mizere ija inatha. Mawu otonthoza a masiku atatu analephera, koma lonjezo la amene ali ndi mphamvu yolipira linatheka. Boma linatenga bankiyo mu Febuluwale 2008. Malire a chitetezo anakwezedwa kufika pa mapaundi 35,000 athunthu mu Okutobala 2007, kenaka 50,000 mu 2008, 85,000 kumapeto kwa 2010, ndipo 120,000 mu Disembala 2025. Abale athu amene akugwira ntchito ku Britain, kuunjika ya nyumba yodzamanga kumudzi, akupindula ndi phunziro limene agogo aja analipereka ataima pamzere.

Pali Akhristu ena amene nkhani ngati iyi amaitseka msanga ndi Mateyu 6, pamene Ambuye wathu achenjeza za kudzikundikira chuma padziko lino. Chenjezolo n'loona ndipo sitilipeputsa. Koma Ambuye ankanena za komwe mtima wa munthu wakhazikika. Sankamasula wosunga chuma cha mnzake ku udindo wake. Chilamulo cha Mose sichinachite manyazi kulowa m'nkhani ya chosungitsa. Pa Eksodo 22:7-8 tikumva za munthu amene wasungitsa ndalama kapena katundu kwa mnansi wake, ndipo zinthuzo zabedwa. Mbala ikapezeka ilipire kawiri. Ikapanda kupezeka, wosungayo aonekere pa bwalo kuti zidziwike ngati sanatambasule dzanja lake pa za mnzake. Pa Levitiko 6:1-5 nkhaniyi ikulemera koposa. Wonyenga mnzake pa chosungitsa akuwerengedwa kuti wachimwira Mulungu mwini, ndipo ayenera kubweza zonse n'kuwonjezapo limodzi mwa magawo asanu, pa tsiku limene abwera ndi nsembe yake yopalamula. Nsembe sikulowa m'malo mwa kubweza. Mulungu amene anapereka malamulo amenewa sadabwa ndi nkhawa ya wosungitsa, ndipo sanamusiye yekha ndi mawu oti alimbe mtima.

M'fanizo la matalente pa Mateyu 25, kapolo amene akudzudzulidwa ndi uja anakumba pansi n'kukwirira ndalama, ndipo mbuye wake akumuuza kuti kukanakhala bwino akanaipereka kwa osunga ndalama kuti ibale chiwongoladzanja. Ndiye kuti sitingabwerere ku mtsuko wokwiriridwa kuseri kwa nyumba kapena ku ndalama za pansi pa mphasa n'kumati kumeneko ndiko kudalira Mulungu. Chiswe, moto ndi akuba amadziwa bwino malo amenewo. Mtumwi Paulo nayenso, polembera Timoteo kachiwiri (1:12), anafuna mawu ofotokozera kudalirika kwa Khristu, ndipo anatenga liwu la Chigriki lakuti paratheke, liwu la pamsika ndi pabwalo la milandu, lotanthauza chinthu chimene munthu wasungitsa kwa mnzake. Fanizolo likanakhala lopanda mphamvu kukanakhala kuti kubweza chosungitsa ndi nkhani yaing'ono.

Dziko la America linaphunzira izi kale. Mabanki zikwizikwi atagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, boma linakhazikitsa bungwe la FDIC mu 1933. Komabe mu Malichi 2023 Silicon Valley Bank ya ku California inagwa. Pa 9 Malichi anthu anafuna kutulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, popanda woima pamzere, pakuti aliyense ankangodina foni yake, ndipo mawa lake bankiyo inatsekedwa. Malire a chitetezo anali madola 250,000, koma ndalama zambiri m'bankiyo zinali za makampani zopitirira malirewo. Pa 12 Malichi boma linalengeza kuti onse abwezeredwa zonse. Apa pali funso la chilungamo limene sitiyenera kulilumpha: ngati malire amachotsedwa pamene olira ali olemera ndi a mawu, kodi akanachotsedwanso olirawo akanakhala alimi ndi aphunzitsi? Komanso banki imene ikudziwa kuti boma lidzaiwombola nthawi zonse imayesedwa kusewera ndi ndalama za eni. N'chifukwa chake tikuti wosungitsa atetezedwe, koma amene anayendetsa banki mosasamala ayankhe mlandu wake monga wosunga uja wa m'buku la Eksodo.

Kuno kwathu takhala zaka zambiri opanda bungwe lotere. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa Deposit Insurance Corporation mu 2022, ndipo bungwelo linayamba ntchito mu 2023 ndi malire a K3 miliyoni kwa munthu aliyense m'banki iliyonse. Ndalama zake zimachokera ku mabanki eni ake, osati m'thumba la wosungitsa. Tikuyamika, pakuti kwa mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wa kabaza ndalama imeneyi ikuphimba zonse zimene ali nazo. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi, ndipo K3 miliyoni ija inachepa mphamvu isanathe ngakhale chaka. Mphunzitsi amene walandira ndalama zake zopumira ntchito atatumikira zaka 30, kapena mlimi amene wangogulitsa fodya wake ku Kanengo, akhoza kupitirira malirewo tsiku limodzi. Tikupempha a boma ndi a Reserve Bank kuti malire amenewa aziwaunikanso kawirikawiri, asadikire kuti mzere uyambe waoneka pakhomo pa banki. Tikupemphanso kuti lonjezoli lilengezedwe m'zinenero zimene anthu amamva, pa wailesi ndi pamakoma a nthambi zonse, chifukwa lonjezo limene munthu salidziwa silingamukhazike mtima pansi tsiku la mphekesera.

Nafenso a mpingo tili ndi mbali yathu. Ndalama zomangira tchalitchi, zopereka za masika, thumba la amayi a chigwirizano ndi la achinyamata, zonsezi ndi zosungitsa za anthu osauka amene anaziika m'manja mwathu. Mipingo yambiri imaunjika zonse m'buku limodzi la banki imodzi, ndipo ndalamazo zinapitirira K3 miliyoni kalekale. Akhristu athu ambiri alinso m'mabanki m'khonde, amene athandiza mabanja osawerengeka, koma kabokosi ka maloko atatu kaja sikali pansi pa chitetezo cha bungwe limeneli, ndipo ndi bwino mamembala adziwe zimenezo asanaponyemo ndalama ya feteleza. Safunsa anadya phula. Pa msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo, msungichuma afotokoze kuti ndalama za anthu a Mulungu zili m'banki iti, zilipo zingati, ndi kuti zotetezedwa ndi zingati, ndipo yankho lake lilembedwe m'buku la msonkhano.