WOGULA ZAKUBA NDIYE ALEMBA MBALA NCHITO

Tauni ya Kafue inamangidwa ndi manja a amisiri. Njanji inaoloka mtsinje pamalo amenewa m'caka ca 1906, koma tauni yeniyeni inakula pambuyo pa Ufulu, pamene Boma, kupyolera m'bungwe la INDECO, linaimika mafakitale pafupi ndi mtsinje: Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, ndi Kafue Textiles of Zambia yoomba nsalu. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a mafakitale omwewo. Anyamata anacokera m'zigawo zonse za dziko lino kudzaphunzira kuocherera zitsulo, kulumikiza mapaipi, kukonza makina ndi kuyala mawaya a magetsi. Makampani a Boma atayamba kugulitsidwa kucokera mu 1992, ndipo fakitale ya nsalu itafooka kufikira inaima, amisiri ambiri sanabwerere kwao. Anagula zida zao cimodzicimodzi, nayamba nchito pansi pa mtengo ndi kuseri kwa nyumba, naphunzitsa ana ao luso lomwelo. Iwowa ndi ana ao ndiwo apanga mageti, mafelemu a mazenera ndi mbaula, ndiwo akonza zigayo ndi mapampu a m'midzi yozungulira.

Anthu otere ndiwo amene mbala ziwalowera usiku.

Munthu aganizire mmisiri woocherera amene ali ndi anyamata anai. Cuma cace conse cikwana m'ngolo imodzi yokokedwa ndi galimoto, imene a m'tauni amaicha trela: makina oocherera, jenereta, makina odulira ndi oboolera zitsulo, mabotolo a gasi, makwerero ndi bokosi la masipanala. Madzulo aimika ngoloyo pabwalo, namanga unyolo, napita kukagona. M'mawa apeza unyolo uli pansi wodulidwa, ndi mapazi a matayala olowera kumseu. Oyandikana naye adzati wabedwa zitsulo, koma cimene cabedwa ncacikulu kuposa zitsulo. Anyamata anai aja alibe malipiro a mwezi umenewo, ndipo mabanja ao alibe unga. Geti limene mwini wace analipira kale theka silidzatha. Mazenera a sukulu imene imayembekeza kutsegula kalasi yatsopano adzakhala opanda mafelemu. Ngongole yokha ndiyo siibedwa. Imatsala pakhomo, ndipo mwezi ukatha ifuna kubwezedwa.

Nkhani ya ngongoleyi iyenera kumveka bwino. M'caka ca 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo mbali ina ya ndalamazo inaperekedwa kwa acinyamata, amai ndi makopaletivu monga thandizo ndi ngongole zoyambira nchito. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi m'madamu, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti mmisiri wofuna kugwirabe nchito anakakamizika kugula jenereta. Motero zida zambiri zimene ziri m'manja mwa amisiri ang'onoang'ono zinagulidwa ndi ndalama zobwereka, zina mwa izo ndalama za mtundu wonse. Wakuba zida zotere wabera dera lonse, pakuti ngongole yosabwezedwa itseka khomo kwa mnyamata wina amene anali pamzere.

Malo amene Kafue anakhalapo athandiza malonda, koma athandizanso mbala. Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumpoto, kupyolera ku Shimabala ndi Chilanga. Kum'mwera, munthu akaoloka mlatho, mseu ugawika pawiri: wina upita ku Mazabuka, Monze, Choma ndi Livingstone, wina utsikira ku malire a Chirundu. Ngolo imene yamasulidwa pakati pa usiku ingathe kukhala m'boma lina tambala asanalire kaciwiri. Mbala yocenjera siyenda nayo nthawi yaitali iri yathunthu, cifukwa idziwa kuti mwini wace angaizindikire pamseu. Imaipasula. Zida zing'onozing'ono zimwazikana m'misika, jenereta ilowera kwina, ndipo matayala ndi citsulo cace capansi columikiza matayalawo zifunafuna wogula amene sadzafunsa mafunso.

Apa mpamene nkhani ya m'tauni isanduka nkhani ya kumudzi. Mlimi ali yense adziwa kuti ngolo ya ng'ombe yolimba iyambira pa citsulo capansi ndi matayala abwino, ndipo zimenezi siziri zochipa. Adziwanso kuti nthawi imene ndalama zimalowa m'mudzi, cimanga cikagulitsidwa ku Food Reserve Agency kapena kwa amalonda, ndi nthawi yomwe alendo a nkhope zacilendo amafika ndi katundu pa galimoto, nati ali paulendo ndipo afuna ndalama mwamsanga. Mtengo wao ukhala theka la mtengo wa m'sitolo, kapena kucepera apo. Risiti alibe. Pamene panali nambala ya makina paoneka kuti papalidwa, ndipo penti ndi watsopano pa citsulo cakale. Malonda ace acitika kuseri kwa nkhokwe dzuwa litalowa. Mlimi wa nzeru zace, amene satha kugula ng'ombe popanda mboni ndi cikalata, sanganene kuti sanaone zizindikiro zonsezi. Anaziona, koma mtengo unamtseka pakamwa.

Lamulo la milandu la dziko lino, Caputala 87, silimsiya kunja munthu wotere. Ndime 272 ipereka cilango cofika zaka zisanu m'ndende kwa wakuba. Ndime 303 ipereka zaka zofika zisanu ndi ziwiri kwa wothyola sitolo, garaji, fakitale kapena nyumba yogwiriramo nchito ndi kubamo. Ndipo ndime 318 ipereka zaka zofika zisanu ndi ziwiri kwa iye amene alandira kapena kusunga katundu akudziwa, kapena ali ndi cifukwa coganizira, kuti ngwakuba. Awerengi aone bwino: wolandira angathe kulangidwa koposa wakuba wamba. Opanga lamulo sanalakwitse pamenepa. Palibe munthu amene angadule unyolo usiku, kuika moyo wace pangozi ya agalu ndi alonda, cifukwa ca makina oocherera amene sadziwa ndi kuyatsa komwe. Amaba cifukwa adziwa kuti msika ulipo. Ndiponso wogulayo ataya pawiri, pakuti apolisi akapeza katunduyo amamtenga, ndipo ndalama za cimanga zija sizibwera.

Nyakwawa ndi nduna zao, aphungu a makhonsolo, atsogoleri a nthambi ndi a makopaletivu ali ndi mphamvu imene wapolisi wa ku Kafue alibe: adziwa khomo liri lonse. Ngolo yatsopano siilowa m'mudzi mobisika. Jenereta ikalira usiku, mudzi wonse umva. Kufunsa kuti, kodi cinthuci cacokera kuti, sikunyoza munthu ai; ndi mwambo womwewo umene makolo anautsata mbuzi yacilendo ikapezeka m'khola. Bvuto limene lilipo ndi lakuti nthawi zina wogulayo ndi munthu wolemekezeka, mwini cigayo kapena mbale wa mfumu, ndipo onse aopa kumchula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, anatero akale. Koma mtsogoleri amene akhala cete cifukwa ca cibale akumbukire kuti pampu ya pa dimba lace ndi mapanelo a dzuwa a pa cipatala ca m'dera lace zidzayenda njira yomweyo.

Malonda a zitsulo zakutha nao afuna maso. Ndi malonda olungama, adyetsa mabanja ambiri, ndipo mafakitale osungunula zitsulo asandutsa zotayidwa kukhala zomangira nyumba. Koma wogula pa sikelo akaona felemu ya ngolo yodulidwa dzulo lomwe, mabala a citsulo ali ngwee, ayenera kulemba dzina ndi nambala ya citupa ca wogulitsa, kapena kukana.

Amisiri eni ace sali opanda colakwa. Ambiri akafika ku polisi sadziwa nambala ya makina ao. Anena kuti inali jenereta yofiira, ngati kuti m'Zambia muli imodzi yokha. Apolisi angathe kupeza katundu m'nyumba ya munthu, koma ngati wodandaula alibe comusonyeza kuti ngwace, mlandu uthera pomwepo ndipo mbala ituluka ikuseka. Kabuku ka ndalama zocepa kakwanira: dzina la cida, nambala yace, tsiku logula, ndi risiti yomatidwa pambali. Foni imene iri m'thumba ijambule cida ciri conse pamodzi ndi nambala yace. Mmisiri woocherera ali ndi mwai woposa anzace, cifukwa angathe kulemba cizindikiro cace ndi moto pamalo obisika, pansi pa felemu kapena mkati mwa civundikiro, pamene mbala yopala nambala siidzaganizira kuyang'ana. Ngolo yoyenda pamseu ilembetsedwe ku Road Transport and Safety Agency monga lamulo la pamseu la 2002 lifunira. Yosalembetsedwa iri ngati ng'ombe yopanda cidindo. Usiku zida zodula zitsitsidwe ndi kulowetsedwa m'nyumba, ngakhale thupi litatopa, ndipo ngolo ikakhala masiku osayenda icotsedwe tayala limodzi. Ponena za inshuwalansi, ambiri aganiza kuti pepala limene lamulo liwakakamiza kugula pa galimoto lidzawabwezera katundu wobedwa. Pepala limenelo liteteza anthu ena amene galimotoyo ingawapweteke. Ya umbala ndi ina, ndipo iyenera kufunsidwa payokha.

Tsoka likagwa, maola oyamba ndiwo ofunika. Wobedwa asayambe ndi kuzungulira kwa abale kapena kwa woombeza, kenaka nkufika ku polisi tsiku lacitatu ngolo itasanduka zidutswa. Apite nthawi yomweyo, kapena aimbe 991, atenge kabuku kace ndi zithunzi, ndipo anthu asapondeponde pamene mbala zinadzera. Akacoka ku polisi adziwitse amisiri anzace, apampando a misika, ogula zitsulo zakutha ndi magulu a alonda a m'makomboni ogwirizana ndi apolisi. Amisiri adziwana zida monga alimi adziwana ng'ombe. Makina amene anakonzedwapo ndi mnzao amawazindikira ndi kalilidwe komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene mtima wopsa umacititsa, ndipo zonse ziwiri ziononga mlandu. Coyamba ndi kugwira mlonda kapena mnyamata wa pa nchito popanda umboni. Ndi zoona kuti nthawi zina mbala imalozeredwa njira ndi wa m'kati, ndipo ndime 278 ipereka zaka zofika zisanu ndi ziwiri kwa wanchito wobera bwana wace. Koma kufufuza ndi nchito ya apolisi. Bwana amene atsekera mlonda m'cipinda, kummenya, kapena kumdula malipiro mwa iye yekha kuti abweze mtengo wa jenereta, wadzipalira mlandu wace. Ndipo nkoyenera kunena poyera kuti mlonda mmodzi wokalamba, wopanda nyali, wopanda foni, amene sanalandire malipiro miyezi iwiri, sangaime pamaso pa amuna asanu okhala ndi zodulira zitsulo.

Caciwiri ndi ciweruzo ca gulu. Dziko lino silinaiwale miyezi yoyamba ya 2020, pamene mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zinafalikira, ndipo magulu okwiya anapha anthu pafupifupi 50, ena mwa iwo alendo ongodutsa amene sanalakwe kanthu. Mwala woponyedwa pa munthu woganiziridwa subweza sipanala ndi imodzi yomwe. Munthu wakufa sanena kumene anagulitsa katundu, sachula amene anamtuma, ndipo oponya miyala aja ndiwo atsala ndi mlandu wakupha. Wogwidwa aperekedwe ku polisi ali wamoyo, cifukwa pakamwa pace ndi pamene pali njira yopita kwa wogula.

Palinso cizolowezi ca kukambirana kuseri. Abale a wakuba afika ndi theka la zida ndi ndalama pang'ono, napempha kuti nkhani ithere pakhomo. Mmisiri wotopa, amene afuna kungobwerera pa nchito, abvomera, ndipo tsiku la mlandu saoneka ku khoti. Munthu angamvetse cifukwa cace, koma lamulo liletsa kulandira malipiro kuti ubise mlandu waukulu, ndipo mnyamata womasulidwa motero amapita kukadula unyolo wa mmisiri wina sabata lotsatira. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Komabe amisiri sathawa makhoti cifukwa ca ulesi cabe. Tsiku liri lonse limene mlandu uimitsidwa ndi tsiku limene sanagwire nchito, ndipo makina opezeka aja amakhala m'cipinda ca umboni kufikira mlandu utatha, akucita dzimbiri, mwini wace akubwereka a mnzace pa mtengo wa tsiku. Pamenepa apolisi, oimira Boma pa milandu ndi oweruza ali ndi mbali yao. Ngati mwini waonetsa risiti ndi nambala, ndipo palibe wina amene akulimbira katunduyo, njira ipezeke yakuti zidazo zilembedwe, zijambulidwe, zionetsedwe ku khoti msanga, ndi kubwezedwa kwa mwini wace kuti anyamata anai aja abwerere pa nchito mlandu ukali mkati.