Mtima ukathawa, mabuleki ali kuti?

Amalonda anzanga, Loweruka lapitali ndinali pa msika waukulu wa Lilongwe kusankha kaunjika. Mwadzidzidzi wina anakuwa kuti "Wakubaaa!" Ine mtima phaa, m'kamwa gwaa, thukuta kamukamu. Wakubayo anagwidwa cha ku mlatho, koma mtima wanga unkagundabe mpaka ndinakafika pa depoti.

Mayi wina wa tomato anandiseka. "Achimwene, inu zangokuchitikirani lero. Ife ndi tsiku lililonse: a khonsolo, akatapila, mitengo kukwera. Ine ndikaweruka ndimayamba ndamwako kaye kuti ndigone."

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa lero.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kolemera magalamu 5 okha, madokotala amati adrenal. Mbuzi nayonso ili nako pafupi ndi impso, kafunseni a butchala. Mukadzidzimuka, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha, ndipo maselo a m'kati mwa kachiwaloka amathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, BP imakwera, shuga amachuluka m'magazi kuti mupeze mphamvu zothawira kapena zomenyera nkhondo. Amene anali m'misewu ya Old Town mu 2006, nthawi ya Operation Dongosolo, liwiro limeneli akulidziwa.

Koma minibasi yopanda mabuleki ndi bokosi la maliro. Thupi nalo lili ndi mabuleki ake, ndipo aakulu ndi mankhwala otchedwa GABA, amene asayansi anawapeza mu ubongo mu 1950. GABA amauza mitsempha ya mu ubongo kuti "basi, khalani pansi," ndiye uthenga wopita ku adrenal umachepa. Ofufuza pa ng'ombe ndi makoswe anapezanso GABA m'kachiwalo komweko. Kumeneko amachita ngati kondakitala: zinthu zikakhala zii amatha kuwadzutsa maselo pang'ono, koma uthenga ukabwera wambiri amathandiza kuti adrenaline asasefukire.

Tsono vuto la mayi wa tomato uja nali. Mowa ndi mapiritsi a Valium zimagwira pomwe pamagwira GABA, n'chifukwa chake munthu amamva ngati nkhawa zatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Mukamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umafooketsa mabuleki ake enieni. Tsiku lomwe mulibe ya kachasu, manja amanjenjemera, mtima umathamanga, tulo osabwera, ena mpaka kugwa ngati akhunyu. Choncho chidakwa chenicheni chisasiye mowa mwadzidzidzi pachokha, chipite kaye kuchipatala.

Musaganize kuti BP ndi matenda a mabwana a ku Area 43 kapena a ku Capital Hill okha. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe.

Ndiye titani? Kasitomala akakupsetsani mtima, pumani mpweya pang'onopang'ono, kutulutsa kuzitalika kuposa kukoka. Gonani mokwanira, chepetsani mchere, ndipo Valium wa pa benchi musiyeni. Kayezetseni BP, n'zosatenga ngakhale mphindi 5.

Mpamba ukatha mutha kukongola pa banki m'khonde. Nanga mtima mukakongola kwa yani?